Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Zimene chidendene cha agogo chimaulula

Gawo lapitalo tinalekezera pamene ndinayamba ntchito m'nyumba yosamalira okalamba. Zaka zimenezo sizingamveke ngati simukudziwa ntchitoyo mmene imakhalira, choncho lero ndikhala kaye pambali kuti ndifotokoze za ntchito yeniyeniyo.

Achibale akabwera kudzaona nyumba yoti asiyeko mayi awo, maso amathamangira ku makatani ndi mipando ya pabalaza. Ine ndimati funsani za zidendene za agogo amene sadzuka pabedi. Munthu akagonera mbali imodzi, fupa limapanikiza khungu pamatiresi, timitsempha ta magazi timatsekeka, ndipo mnofu umayamba kufa kuchokera mkati mpaka kusanduka chilonda. Sizidikira sabata ayi, maola ochepa okha akwana. Malo oyamba kuwonongeka ndi zidendene, fupa la kumapeto kwa msana, m'mbali mwa chiuno, zigongono, nkhongo, ndiponso kuseri kwa makutu ngati munthuyo ali ndi kachubu ka okosijeni.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Dinani malo ofiirawo ndi chala kwa masekondi atatu, kenako chotsani. Pakayera pang'ono n'kubwerera mwakale, magazi akuyenda. Pakapanda kuyera, chilonda chayamba kale, chili pa siteji yoyamba mwa masiteji 4. Koma pakhungu lakuda kufiira sikuoneka, ndipo apa ndi pamene osamalira ambiri amaphonya, mtima wanga umapweteka nazo. Munthu wakhungu lakuda amapezeka ndi chilonda chitaphulika kale chifukwa aliyense ankadikira mtundu umene sudzabwera. Yatsani getsi, yerekezani chidendene ichi ndi chinzakecho. Kodi chada kwambiri, chikunyezimira, chatentha kapena kuzizira, chalimba kapena chafewa ngati siponji? Dzanja limadziwa msanga kuposa diso.

Nyumba yabwino imayesa chiopsezo cha zilondazi pa munthu aliyense tsiku lomwe wafika. Ambiri amagwiritsa ntchito sikelo ya Braden, imene Barbara Braden ndi Nancy Bergstrom anatulutsa mu 1987. Imaona zinthu 6: kumva kupweteka, chinyezi cha pakhungu, kuyenda, kutembenuka yekha, kudya, ndi kukhuzika pabedi. Mapointi amayambira pa 6 kulekezera 23, ndipo 18 kutsika m'munsi ndiye kuti munthuyo ali pachiopsezo.

Wosatha kutembenuka yekha, mwambo wa ntchito ndi kumutembenuza pa maola awiri alionse, pokhapokha namwino atalemba nthawi ina. Osamugoneka chammbali penipeni, chifukwa thupi lonse limatsamira pafupa la m'chiuno. Mupendeketseni madigiri 30, pilo kumsana, pilo wina pakati pa mawondo, wina pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere, dzanja lizitha kudutsa pansi pake. Kumutu kwa bedi kusakwere kupitirira madigiri 30 ngati sakudya, apo ayi thupi limatsetserekera kumiyendo, khungu n'kutsalira pachofunda, mnofu wamkati n'kung'ambika. Pomukwezera kumtunda pakhale anthu awiri ndi nsalu yotsetsereka, osati kumukoka m'khwapa. Malo amene ayamba kuwonongeka musawatikite, mumangowonjezera kuvulala. Thewera lonyowa lichoke msanga. Matiresi a mpweya ndi abwino, koma onani ngati pulagi yake ili pakhoma komanso ngati achunidwa molingana ndi kulemera kwa munthuyo.

Tsono bwanji zilonda zimabwerabe pamene aliyense amazidziwa zimenezi? Tiwerengere. Tiyerekeze kuti usiku pali osamalira awiri, ndipo ofunika kutembenuzidwa ndi kusinthidwa alipo 12. Agogo aliyense atenge mphindi 10, osamalira awiriwo akuthandizana. Zakwana mphindi 120, maola awiri athunthu. Pomaliza wa nambala 12, nthawi ya woyamba yakwananso, ndipo sipanalire belu, palibe wapempha kuchimbudzi, palibe wasanza. Chimene chimatsatira ndi pepala lolembapo nthawi zotembenuza lodzazidwa m'mawa kutacha: cholembera chimodzi, kalembedwe kamodzi, 02:00, 04:00, 06:00 ndendende. Pepala loona limakhala ndi 02:15, 04:40, ndi mawu akuti "akana, ndabwereranso". Sindiikira kumbuyo wolemba zabodza, koma amene anaika anthu awiri pantchito ya anthu anayi ndiye woyamba kufunsidwa.

Chachiwiri chimene chimatha okalamba mwakachetechete ndi chakudya cholowera njira yolakwika. Amene anadwalapo sitiroko kapena ali ndi matenda oiwalaiwala, kumeza kumawavuta. Akhale tsonga, chibwano chitsike pang'ono, wodyetsa akhale pampando maso akuyang'anana nawo, chifukwa ukaimirira agogo amadzutsa mutu ndipo njira ya mpweya imatseguka. Sipuni ikhale yaing'ono. Yang'anani pakhosi, kholingo likwere n'kutsika, ndiye muperekenso. Muwauze kuti, "Agogo, tanenani aa." Mawu akamveka ngati muli madzi kukhosi, lekani, itanani namwino. Ena satsokomola n'komwe, chakudya chimangolowa m'mapapo, pakapita masiku thupi latentha, chibayo chagwira. Akatha kudya akhalebe tsonga mphindi 30, ndipo muone m'masaya ngati simunatsalire kanthu. Muyezo wotchedwa IDDSI umagawa zakumwa ndi zakudya molingana ndi kulimba kwake kuyambira 0 mpaka 7, choncho ufa wolimbitsira zakumwa uyezedwe ndi kasipuni kake monga kwalembedwera, osati mongoganizira. Mapiritsi nawo musangowapera kuti amezeke. Ena anapangidwa kuti azisungunuka pang'onopang'ono tsiku lonse, ukawapera mphamvu yonse imalowa kamodzi. Funsani wa ku famase.

Kugwa kumachitika kwambiri podzuka ndi popita kuchimbudzi usiku. BP ikatsika ndi 20 nambala yam'mwamba m'mphindi zitatu munthu ataimirira, chizungulire chimamugwetsa, choncho ayambe wakhala m'mphepete mwa bedi, mapazi pansi, nsapato zosaterera. Belu likhale pomwe dzanja lamphamvu lifika. Zitsulo za m'mbali mwa bedi anthu amaziona ngati chitetezo, koma wosokonezeka mutu amakwera pamwamba pake n'kugwa kuchokera patali. Kwa iyeyo bedi lotsitsidwa pansi ndi mphasa yofewa pambali ndiye zabwino. Zikaikidwa, mpata wa pakati pa zitsulo usafike mamilimita 120, ndipo wa pakati pa chitsulo ndi thabwa la kumutu usafike 60, kuopa mutu kapena khosi kupanikizika.

Mukapeza agogo pansi, musathamangire kuwadzutsa. Mwendo ukaoneka waufupi, phazi litapendekera kunja, ganizirani fupa la m'chiuno, afunditseni pomwepo, itanani ambulansi. Ngati amamwa warfarin kapena mankhwala ena oletsa magazi kuundana ndipo amenyetsa mutu, apite kuchipatala ngakhale akuseka ndi kunena kuti ali bwino, chifukwa magazi amatha kukha mkati mwa mutu kwa maola osaonetsa chizindikiro.

Madzi osamba ayezedwe ndi themometa, asapitirire madigiri 44 Celsius. Dzanja lovala magolovesi silimva kutentha bwino, ndipo agogo amene miyendo yawo inachita dzanzi ndi shuga sangakuuzeni kuti akupsa.

Mukapita kukaona nyumba, pitani nthawi ya chakudya, mumvetsere ngati osamalira amagogoda asanalowe ndiponso ngati amaitana okalamba ndi mayina awo. Kenako funsani mkulu wa nyumbayo kuti, "Usiku mumakhala angati, ndipo ofunika kutembenuzidwa ndi anthu awiri alipo angati?" Gawo likubwerali tilowa m'chipinda cha mankhwala.