Laputopu inakana wayifayi, mlandu unali kuseri kwa mpanda

Linali Lamulungu la chiperoni kuno ku Chitakale, phiri la Mulanje litaphimbika ndi nkhungu ngati kulibe. Ndinali ndi ntchito ya sukulu yoti nditumize pa intaneti Lolemba lisanafike. Nditayatsa laputopu, dzina la wayifayi yathu linaoneka bwinobwino, timizere tonse todzadza. Ndinadina, inazungulirazungulira, kenako n'kulemba kuti "Can't connect to this network". Katatu konse, yankho lomwelo.

Maganizo anathamangira ku bandulo, monga achitira aliyense. Koma mayi akunyumba anali pa mpando akuonera mavidiyo a pa Facebook osadukiza, pa wayifayi yomweyo. Ndiye kuti bandulo inalipo, netiweki inalinso bwino. Musanagule bandulo ina, yambani mwaona ngati foni ina m'nyumbamo ikulowa. Ine ndinatsala pang'ono kutaya ndalama.

Zing'onozing'ono ndinazidutsa mwachangu. Kachizindikiro ka ndege kanali kozimitsa. Batani la wayifayi pa kiyibodi, lija timalidina pamodzi ndi Fn, palibe amene analikhudza. Ndinazimitsa laputopu ndi karauta kathu ka m'thumba, kachipangizo kamene kamatipatsa wayifayi, n'kuchotsa batire kwa kanthawi, n'kuyatsanso zonse. Ndinadina dzina la wayifayi ndi batani lakumanja la mbewa, n'kusankha "Forget" kuti iiwale pasiwedi, n'kuilembanso chilembo chimodzichimodzi. Ayi ndithu.

Apa mtima unayamba kundiuza kuti chinyontho cha kuno chadya kanthu m'kati mwa laputopu. Ndinaimbira mwana wa mchemwali wanga yemwe amakonza makompyuta ku Limbe.

"Amalume, musaitsegule kaye. Yatsani hotspot pa foni yanu kuti foniyo ipereke wayifayi yakeyake, muone ngati laputopu ilowa."

Inalowa nthawi yomweyo.

"Basi, laputopu ilibe mlandu. Rauta ndi imene ikuikana. Tiyeni tikaione m'kati."

Mpaka tsikulo sindinkadziwa kuti karauta kali ndi khomo lake. Mukachotsa batire, mupeza kapepala komatidwa kolembedwa dzina la wayifayi, pasiwedi yoyambirira ndi manambala olowera. Kathu kanalembedwa 192.168.8.1, ena amakhala 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Manambalawa mumawalemba pamene mumalemba dzina la webusaiti, koma pa chipangizo chimene chalumikizika kale ku rautayo. Ndinabwereka foni ya mayi akunyumba, ndipo anaipereka monyinyirika. Nditalowa, mphwanga anati ndipeze pamene pakuoneka zipangizo zolumikizidwa.

Zinali 10. Pakhomo pathu pali mafoni atatu okha.

Zinazo zinali ndi mayina a mafoni achilendo, TECNO ziwiri, itel, Galaxy, ena manambala okhaokha. Mphwanga anaseka mpaka kutsokomola. Anandifotokozera kuti timarauta tating'onoti tili ndi malire a zipangizo zomwe timalandira pa nthawi imodzi, ndipo kathu kamathera pa 10. Malo akadzadza, wobwera mochedwa amatsala panja, ngakhale akhale mwini nyumba. Ndinamvetsanso chifukwa chake kuzimitsa kuja sikunathandize. Ndinkazimitsa zonse pamodzi, ndipo mafoni amalowanso okha karauta kakangoyaka, pamene laputopu yanga yokalambayi imakhala ikadali kudzuka. Tsiku la mvula ngati lija aliyense anali m'nyumba mwake, foni kumanja.

Pasiwedi inatuluka bwanji? Mwana wanga wamwamuna anavomera asanafunsidwe kawiri. Mafoni a Android a masiku ano amatha kuonetsa ka QR code ka wayifayi, mnzako n'kungokajambula, walowa, osalemba ngakhale chilembo. Iye anapatsa mnzake mmodzi wa kuseri kwa mpanda, mnzakeyo anapatsa mkulu wake, zinapitirira choncho. Miyezi iwiri yonse ndinakhala ndikukalipira ana anga kuti akumaliza bandulo ndi mpira.

Kukonza kwake kunali kwachidule. Pa tsamba lomwelo ndinasintha pasiwedi ya wayifayi, n'kusiya chitetezo pa WPA2, chomwe chimafuna zilembo zosachepera 8. Ndinasinthanso pasiwedi yolowera mu rauta, chifukwa inali ikadali ya kufakitale yomwe aliyense angaiganizire. Nditasunga, onse anatayidwa kunja, foni ya mayi akunyumba yomwe.

Laputopu inakananso, ndipo ndinatsala pang'ono kuitaya pa zenera. Inali ikuyesa pasiwedi yakale ija. "Forget" kachiwiri, pasiwedi yatsopano, n'kulowa. Ntchito ndinatumiza tisanadye nsima yamadzulo. Mafoni apakhomo ndinawalembera ndekha, ana atayang'ana kumbali, ngakhale ndikudziwa kuti ka QR code kaja kakadalipo.

M'mawa mwake ndikutuluka kupita ku ntchito, mnyamata wa kuseri uja anandipatsa moni waulemu kuposa masiku onse, manja onse awiri. Kenako anafunsa motsitsa mawu, "Bambo, kodi netiweki yavuta kwanu komweko?"

Ndinamuyankha kuti kwathu ili bwinobwino.