Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Tsiku lomwe anatifunsa za ukwati wathu

Mu gawo lapitali ndinalekezera pamene kalata ya ku USCIS, nthambi ya boma la America yoona za anthu olowa ndi kukhazikika m'dzikolo, inafika, yotiitana ine ndi bambo a kunyumba kuti tikaonekere ku ofesi yawo ku Indianapolis. Munali mu February, kunja chipale chofewa chili mbee.

Usiku woti mawa lake tipita, tulo sindinatione. Ndinayala mapepala onse patebulo: setifiketi ya ukwati, pasipoti, pangano la lendi lokhala ndi mayina athu awiri, mapepala a akaunti yathu ya kubanki, inshulansi ya galimoto ndi makalata a msonkho omwe tinalembera limodzi. Pambali panali makope a mafomu omwe tinatumiza kale. I-130 ndi yomwe bambo, monga nzika ya America, anandipemphera ngati mkazi wawo. I-485 inali yanga, yopempha kuchoka pa visa ya sukulu n'kukhala wokhazikika. I-864 ndi imene iwo analonjeza kuti adzandisamala ndi ndalama zawo.

Ndikuyang'ana mulu umenewo, mtima unandiwawa. Kwathu ku Dedza, munthu akafuna kudziwa ngati ukwati ndi weniweni amafunsa ankhoswe. Kuno mboni ya banja langa inali bilu ya magetsi. Sindikuwada, poti alipodi anthu omwe amakwatirana mwachinyengo kuti apeze mapepala. Koma zimaluma ndithu kukatsimikizira mlendo kuti mwamuna yemwe umamuphikira nsima tsiku lililonse ndi wakodi.

Tinafika molawirira. Pakhomo anatiunika ngati pabwalo la ndege, kenako tinakhala m'chipinda chodikirira pamodzi ndi mabanja ena, aliyense atakumbatira faelo yake ngati khanda. Bambo anandigwira dzanja n'kunong'ona: “Mayi, musaope. Tingonena zomwe tikudziwa basi.”

Anatiitana mayi wina wachikulire, wa magalasi. Tisanakhale pansi anatiuza kuti tikweze dzanja lamanja, tilumbire kuti tinena zoona. Anayamba ndi zophweka: tinakumana kuti, anayamba kufunsira ndani, nyumba yathu ili ndi zipinda zingati. Kenako anatenga fomu yanga n'kuwerenga mafunso aja oyankha eya kapena ayi, ngati ndinamangidwapo, ngati ndinakhalapo m'gulu la zauchifwamba. Lina linali lofunsa ngati ndili ndi cholinga cholowa mitala m'dzikomo. Ndinayankha kuti ayi, koma m'mutu munabwera agogo anga aamuna, omwe anali ndi makomo awiri ndipo anatilera tonse mwachikondi.

Funso lomwe linandigwira pakhosi silinali m'gulu la omwe ndinkaopa. Mayi aja anati: “Apongozi anu aakazi dzina lawo ndani?”

Dzinalo ndinkalidziwa bwino lomwe, linalinso pamapepala. Koma chikwatiwire ndinali ndisanalitchulepo ndi pakamwa panga. Ine ndinaleredwa kuti apongozi sutchula dzina, umangoti amayi. Ndinakhala chete, ndipo ndinaona cholembera chawo chitaima. Kwa iwo, kukhala chete kumeneko kukanatanthauza kuti banja la mwamuna wanga sindilidziwa. Bambo sakanandiyankhira, anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu pang'ono. Ndinalitchula motsitsa mawu, nditazyolika, kenako ndinafotokoza kuti kwathu kutero ndi kupanda ulemu. Mayi aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, nalemba kenakake.

Atatero anapempha zithunzi. Anadutsa msanga za ku tchalitchi, koma anaima pa chithunzi cha chinkhoswe chathu. Pamenepo pali malume anga atanyamula nkhuku, akusinthana ndi malume a bambo, tambala ndi msoti, kumbuyo azimayi atavala zitenje zofanana. Anafunsa kuti nanga eni akefe tili pati.

Panalibepo. Chinkhoswe chathu chinachitika ife tili kuno, tikuonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka. Ndinayamba kufotokoza, ndipo mantha onse anandithera pomwepo. Ndinawauza kuti ankhoswe ndi ndani, kuti tikayambana sitithamangira kukhoti koma timaimbira malume, ndipo iwo amakambirana ndi anzawo a kuchimuna. Ndinaloza khasu ndi nkhwangwa, ndinaloza lichero ndi mthiko, n'kunena chomwe chilichonse chimaimira m'banja. Chingerezi changa chinkaphonya apa ndi apo, koma sindinasiye. Bambo anawonjezera kuti malume angawo anawaimbirapo kale kamodzi, kuwadzudzula chifukwa chogwira ntchito usiku wokhawokha n'kumandisiya ndekha m'nyumba m'dziko lachilendo. Nkhani imeneyo sitinaikonzekere, ndipo inali yoona. Mayi aja anamwetulira koyamba, napempha kuti asunge kope la chithunzicho mufaelo.

Sanatilekanitse kuti atifunse aliyense payekha, monga amachitira akakhala ndi chikaiko. Anangoti yankho lidzabwera pa positi.

Titalowa m'galimoto ndinalira kwambiri, bambo osalankhula, atangoyatsa hita. Kumudzi kunali kutada kale, chifukwa nyengo yozizira timasiyana maola 7, koma ndinawaimbirabe malume. Ndinawauza kuti chithunzi chawo chatsala m'manja mwa boma la America. Iwo anati: “Mwana wanga, ngati akufuna mboni, uwapatse nambala yanga. Ukwati umenewo ndinaumanga ndine.”

Green card, chiphaso chondilola kukhazikika ku America, inafika patapita masabata atatu. Inali ya zaka ziwiri zokha, poti ukwati wathu unali usanakwanitse zaka ziwiri, ndipo m'masiku 90 omaliza isanathe tinayenera kudzatumiza limodzi fomu I-751, yopempha kuti malire a zaka ziwiriwo achotsedwe, ndi umboni watsopano. Choncho faelo ija sindinaiike m'sutikesi. Ndinaisiya pashelefu ya pabalaza, ndipo pepala loyamba kulowamo linali la ku sikelo, poti ndinali ndi pathupi pa miyezi iwiri.