Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku limene tinakwera Kanjala

M'gawo lapitalo ndinakuuzani mmene ndinalowera kalabu yosamalira zachilengedwe pasukulu yathu ku Chipata. Lero ndinena za ulendo woyamba umene tinaukonza tokha.

Chinali chaka cha 2012, ndili giledi 11. Aphunzitsi oyang'anira kalabu anaitana ife a komiti, tinalipo asanu ndi mmodzi, nati: "Ana anga, ulendo wa chaka chino muukonze nokha. Ine ndidzangosayina kalata yopita kwa ahedi, n'kukutsatani pambuyo." Mitima yathu inali ku Mfuwe, kukaona njovu ndi mvuu ku South Luangwa. Koma titawerengera ya minibasi pa mtunda wa makilomita oposa 100, kuwonjezapo yolowera kupaki, tinaona kuti thumba lathu silingafike. Ndiye tinasankha phiri la Kanjala, limene tinkaliona tsiku ndi tsiku koma ambiri a ife tisanalipondeko.

Aliyense anasonkha K5,000, ndalama zakale zija maziro atatu asanachotsedwe mu 2013. Zoperewera tinazipeza pogulitsa vitumbuwa nthawi yopuma. Ine anandipatsa kaundula: kulemba mayina, kutolera makalata a chilolezo kwa makolo, ndi kuwerenga anthu ponyamuka ndi pobwerera. Mayina anakwana 43, ambiri a giledi 8 ndi 9. Kalata imodzi ndinachita kukaitenga ndekha ku Kapata, chifukwa agogo a kamtsikana kena anakana kudinda chala asanaone nkhope ya munthu amene atenge mdzukulu wawo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Mwanawe, udzandibweretsere mwana wanga dzuwa lisanalowe. Chifuwa chake sichigwirizana ndi fumbi." Ndinawomba m'manja n'kuyankha kuti, "Ndamva, agogo."

Za chakudya tinakangana masiku awiri, mabanzi kapena mpunga. Za madzi sitinakhalitsepo n'komwe. Tinanyamula zigubu ziwiri za malita 20, chonsecho kunali kumapeto kwa Seputembala, tchire litapsa, mthunzi uli wosowa. Komanso palibe wa komiti amene anayamba wakwerako kuti aone njira tisanatengeko ana a eni. Mpaka lero ndikakumbukira zimenezi mtima umandipweteka.

Tinanyamuka cha m'ma 7 koloko. Anyamata ankaimba za Chipolopolo njira yonse, paja chaka chimenecho mu February timu yathu inali itatenga chikho cha Africa ku Gabon. Titayamba chitunda, amphamvu anathamangira kutsogolo, mzere n'kutalika mpaka akutsogolo osaonekanso. Ine ndinali kumapeto ndi kamtsikana kaja. Tisanafike ndi pakati pomwe, uthenga unatsika kuti chigubu chimodzi chatha, ena amadzithira madzi kumutu. Nthawi yomweyo mwana uja anakhala pamwala, akubanika, mpweya ukuchita kulira m'chifuwa.

Ndinaliza wenzulo katatu, monga tinapanganirana kuti ikalira katatu aliyense aime pomwe ali. Wapampando wathu anatsika atakwiya. "Iwe, ukuimitsa anthu onse chifukwa cha mmodzi? Khala naye pano, ife tikafike." Ndinamuuza kuti m'kaundula mwanga muli anthu 43, ndipo sindilola kuti agawike pawiri madzi ali chigubu chimodzi. Aphunzitsi anali chilili chapatali, manja kumbuyo, osanena kanthu. Pamenepo ndinawakwiyira mumtima, koma patapita zaka ndinamvetsa kuti ankadikira kuti tigamule tokha.

Tinagwirizana chonchi: madzi otsalawo azimwedwa pa kapu imodzi, theka theka, mlembi wathu ndiye azitunga. Anyamata awiri atsike ndi chigubu chopanda kanthu kukapempha kunyumba za m'munsi mwa phiri. Ndipo pokwera, ochedwa akhale kutsogolo, amphamvu kumbuyo.

Anyamata aja anabwera patapita pafupifupi ola, chigubu chili chodzadza, wina atanyamulanso botolo lalikulu la thobwa. Mayi wina ndi amene anawapatsa. Atafuna kuwalipira, mayiwo akuti anati, "Ndalama za chiyani? Amene ali kuphiriwo si ana anga?" Sitinawafunse ndi dzina lomwe.

Kamtsikana kaja katapuma ndi kumwa, kanakana kubwerera. Ndi komwe kanatsogolera, pang'onopang'ono, tonse tikuyenda mwa mapazi ake. Tinafika pamwamba dzuwa lili paliwombo. Tauni yonse inali pansi pathu: malata akunyezimira, mizikiti, njinga zikuoneka ngati nyerere, msewu wa Great East ukulowera kwa Katete ndi Lusaka, ndi mapiri a mbali ya kumalire a Mwami. Ana anayamba kulozerana kwawo. Ine ndinatulutsa kaundula n'kuitana mayina, mmodzi mmodzi, ndipo onse anayankha.

Ku Kapata tinafika cha m'ma 16 koloko. Agogo aja tinawapeza atakhala pamphasa pakhonde, maso ali kunjira. Ndinawafotokozera zonse, za kubanika ndi za madzi, osabisa kanthu. Anamugwira mdzukulu wawo pachifuwa, namvetsera mmene akupumira, kenako anandiuza kuti ndikhale pansi, nsima ili pamoto.