Kompyuta yoyaka m'tauni mokha

Ndine msungichuma wa bungwe lathu la maliro kuno ku Mabvuku, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Ambirife ndife ana ndi zidzukulu za anthu amene adachoka ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mangochi kudzagwira ntchito dziko lino likadali Rhodesia, ndipo timasonkha mwezi ndi mwezi kuti wina akatisiya tisamayende ndi mbale kupemphetsa ya bokosi. Maina onse, a olipira ndi a ongolonjeza, ali m'kompyuta yanga yakale, ija ya chibokosi chokhala pansi pa tebulo.

Msonkhano wa pachaka unali Lamulungu. Lachinayi magetsi adabwera cha m'ma 10 koloko usiku, ine n'kudina batani. Zii. Kudinanso. Zii. Fani osazungulira, kanyale osayaka, ngakhale ka "bii" kamene imalira ikamadzuka. Sikirini yokha, yomwe ili ndi chingwe chakechake, ndiyo idayaka n'kulemba kuti "No signal". Ndiye kuti pakhoma moto unalipo.

Thukuta lidayamba pomwepo. Msungichuma akanena kuti kompyuta yafa kutatsala masiku atatu kuti awerenge ndalama pagulu, anthu samva za kompyuta ayi. Amayang'ana nsapato zako ngati zili zatsopano.

Mayi a kunyumba adaima pakhomo la kuchipinda. "Abambo, kodi ndikuuzeni..."

"Amayi, izi si za ndiwo. Ndisiyeni ndiganize."

Adangoti "chabwino", chabwino wautali uja, n'kukagona.

Ndidamasula chibokosicho. Fumbi lomwe ndidalipeza m'menemo mukadadzalamo mbatata. Ndidalipukuta ndi mswachi wakale, ndikuyetsemula ngati mbuzi. Ndidazula RAM, mbali yosunga zimene kompyuta ikuchita pa nthawiyo, n'kupukuta mano ake agolide ndi labala ya mwana wanga wa sukulu, n'kuibwezera mpaka idati khethe. Mumtima ndinkadziwa kuti RAM ikavuta fani imazungulirabe ndipo kompyuta imalira mobwerezabwereza, koma munthu womira amagwira ndi udzu womwe. Ndidazulanso kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamasunga nthawi ndi tsiku, n'kukapukuta pa malaya. Ndidatsata timawaya ta batani mpaka pa motherboard, bolodi lalikulu limene zonse zimalumikizidwapo. Zonse zili m'malo mwake. Kumbuyo kwa power supply, bokosi lolandira magetsi ochokera pakhoma, kuli kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Chala changa chidafika pamenepo, koma ndidakumbukira mnzanga wina amene adakakankhira ku 115 pa magetsi athu ano a 230, nyumba yonse n'kununkha tsiku lathunthu. Ndidachibweza chalacho.

Lachisanu m'mawa ndidakwera kombi chibokosi chili pamiyendo ngati mwana wodwala. Hwindi, kondakitala wa kombiyo, adati katundu wotere amalipira mpando wake. Ndidalipira. Kuchokera pa siteji ya Fourth Street m'tauni ndidachisenza paphewa mpaka kwa mnyamata wina wokonza makompyuta, m'kachipinda kochepa ngati khola la nkhunda. Iye adatenga chingwe chake, kulumikiza, kudina batani. Fani vuu! Bii! Windows n'kutsekuka, ikumwetulira ngati sinandidziwepo.

"Mudhara, ilibe vuto iyi," adatero m'Chishona, n'kundilipiritsa madola 5 a kuiyang'ana.

Ndidabwerera ndikuimba nyimbo ya kutchalitchi. Kufika kunyumba, kulumikiza, kudina. Zii.

Loweruka ndidapitanso. Idayakanso. Mnyamatayo adakanda mutu n'kunena kuti mwina power supply yatopa, imayaka ikafuna. Adandiikira ina yogwirapo kale ntchito, madola 15. Kunyumba: zii.

Madzulo ake kudabwera amalume, amene ndi wapampando wa bungwelo. Adakhala pampando, chipewa pabondo, n'kumvetsera nkhani yonse osaphethira.

"Mphwanga, makina oyaka m'tauni n'kumakana m'nyumba ya mwini wake, ine sindinawamvepo. Apa pali ziwiri. Mwina nyumba ino yapondedwa, tiitane anthu odziwa. Mwinanso ndalama wadya. Ngati wadya, nena kunja kukadali kowala, ndine mlongo wa mayi ako."

Ndidalumbira mpaka kutchula agogo amene adagona ku Dedza. Amalume adanyamuka, koma potuluka adayang'anitsitsa nsapato zanga.

Usikuwo ndidakhala pansi pa simenti, chibokosi chili chotsekula, ndikulingalira ngati mabasi a ku Blantyre odzera ku Nyamapanda amanyamukanso Lamulungu. Pambali panga mayi anali kusita shati yanga yoyera ya kumsonkhano, akuimba chapansipansi. Ndidayang'ana simbiyo. Ndidaiyang'ananso.

"Amayi, simbi iyi si ija idasiya kugwira ntchito?"

"Ndi yomweyo."

"Waikonza ndani?"

"Ndekha. Milungu itatu ndakhala ndikukupemphani kuti mugule fyuzi, inu mukuti mawa. Lachinayi ndidatenga mpeni, n'kumasula pulagi ya kompyuta yanu, n'kutengamo fyuzi yake. Zonse ndi za 13, zimalowana. Pulagiyo ndidaitseka bwinobwino, simunaone?"

Mapulagi athu a mano atatuwa ali ndi kafyuzi m'kati, izi ndimazidziwa kuyambira ndili mwana. Ndidanyamula chibokosi cholemera kawiri konse kupita nacho m'tauni, n'kumasiya chingwe chake chili gone pansi pa tebulo.

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Munati si za ndiwo."

Ndidameza malovu. Ndidawerengera mumtima madola 20, kuphatikizapo mipando iwiri ya kombi maulendo anayi, ndi mbiri yanga yomwe amalume anali atayamba kale kuifalitsa m'Mabvuku. Kenaka ndidafunsa ndi mawu aulemu amene ndidawagwiritsa ntchito komaliza tsiku la chinkhoswe, ngati angandibwerekeko fyuziyo.

"Mudikire," adatero, akutembenuza kolala. "Ikatha shatiyi pali mayunifolomu a ana. Ndiye makatani aja sanasitidwepo chigulireni."