Bobotie ndi zimene ndikuphunzira za uvuni

Pa maphunziro athu a zophikaphika tafika pa gawo la zakudya zowotcha mu uvuni, ndipo chimene chanditengera nthawi yambiri ndi bobotie, chakudya cha anthu a Cape Malay a ku Cape Town. Abale amene anagwirako ntchito m'makhitchini a ku Joni amachidziwa bwino. Pansi pamakhala nyama yogaya yokazinga ndi anyezi, curry, turmeric, mphesa zouma ndi jamu pang'ono, yosakaniza ndi buledi woviika mu mkaka. Pamwamba amathira mazira omenya ndi mkaka, n'kubayapo masamba onunkhiritsa chakudya otchedwa bay. Amadyera mpunga wachikasu.

Kuwerenga kaphikidwe kake n'kosavuta. Chovuta n'chakuti ife tinakula tikuphika ndiwo zimene umatakasa, kulawa, kuwonjezera mchere kapena madzi mpaka zikome. Uvuni salola zimenezo. Mbale ikalowa, yalowa, ndipo ukamatsegulatsegula chitseko kutentha kumathawa. Choncho kulawa konse kumachitika nyama idakali m'chiwaya.

Nkhani yaikulu ndi madzi. Aphunzitsi athu anatifotokozera kuti chakudya chimayamba kufiira ndi kununkhira bwino kutentha kwa pamwamba pake kukafika madigiri pafupifupi 140, zimene katswiri wa ku France, Louis-Camille Maillard, anazifotokoza mu 1912. Koma madzi amawira pa madigiri 100, ndipo chinthu chonyowa sichipitirira pamenepo mpaka madziwo atauma. Ndiye nyama ukaidzaza m'chiwaya nthawi imodzi imatulutsa madzi, n'kumabwata m'malo mokazingika, imakhala yotuwa, yopanda fungo. Uvuni sangaikonzenso, chifukwa mazira aja aiphimba kale. Uyenera kukazinga nyama yochepa nthawi imodzi, chiwaya chitatentha bwino. Buledi woviika uja nayenso ali ndi ntchito, samuikira kuchulukitsa nyama monga ena amaganizira: amasunga chinyezi kuti nyama isaume gwa.

Mazira a pamwamba ndiwo amayesa wophika. Osakaniza ndi mkaka amalimba pa madigiri pafupifupi 80, pamene uvuni uli pa 180. Ukachedwa kuchotsa, amakhwinyata n'kufinya madzi, ndipo m'mbali mwa mbale mumatsala thamanda. Mphindi 30 zikakwana uyambe kuyang'ana. Ugwedeze mbale pang'ono. Pakati pakamanjenjemera pang'ono koma m'mphepete mwalimba, chotsa, chifukwa kutentha kwa mbaleyo kumalizitsa kokha. Kenako usadule msanga. Chikapuma mphindi 10 chimadulika bwino osamwazika.

Tinaphikanso cottage pie, nyama ya ng'ombe yophimba ndi mbatatesi zopota. Ikakhala ya nkhosa ndiye shepherd's pie. Ndi yokhutitsa, koma kunena zoona sinandiphunzitse zambiri. Mbatatesi zimakhululuka, mazira sakhululuka.

Kunyumba ndilibe uvuni wa magetsi, ndipo ngakhale amene ali nawo amadziwa zimene zimachitika magetsi akazima chakudya chili pakati. Ndimayeserera pa mbaula, mmene amayi amawotchera chigumu: poto wokhuthala, makala ochepa pansi, ambiri pa chivundikiro. Kwa bobotie njira imeneyi ikugwira, bola pansi pakhale moto wochepa kwambiri, popeza nyama inapsa kale ndipo chimene chikufunika kupsa ndi mazira a pamwamba okha. Ndimathira mchenga pansi pa poto wamkulu n'kukhazikapo mbale yachitsulo, kuti pansi pasapserere. Vuto n'lakuti sindingawerenge madigiri, ndiye ndimadalira fungo ndi kusuzumira kamodzi chakumapeto, ndikusamala kuti phulusa lisagweremo.

Pa mayeso adzatipatsa uvuni weniweni, koma ndikufuna kufunsa aphunzitsi ngati macaroni a tchizi, amene tiphunzire sabata yamawa, angatheke pa makala, chifukwa msuzi wa mkaka ndi fulawa supirira moto wa pansi ngati nyama.