Anati sindine wokonzeka kugwira ntchito, ndinachita apilo

Nyumba yosamalira okalamba imene ndinkagwirako ntchito ku Leeds, ku England, itatsekedwa, ndinalembetsa New Style Jobseeker's Allowance, ndalama zimene boma limapereka kwa anthu ofuna ntchito. Amalawi ambiri kuno timaiopa chifukwa cha mawu aja a pa viza oletsa kulandira thandizo la boma, koma iyi imachokera pa National Insurance, inshulansi ya boma imene ankandidula pamalipiro, ndipo siili m'gulu loletsedwalo. Amapereka kwa masiku 182 basi.

Mavuto anayamba tsiku limene mlangizi wa ku ofesi yoona za ndalamazi anandionetsa ntchito yausiku. Ndinamuuza kuti ndimalera ndekha mwana wa zaka 7, usiku ndilibe womusiyira. Iye anagwedeza mutu, n'kulemba pa kompyuta. Patapita masiku kunabwera kalata: andidula ndalama za masabata anayi chifukwa sindine wokonzeka kuyamba ntchito. Ndinaiwerenga nditaimirira kukhitchini, madzi a nsima akuwira mpaka kuphwera. Zaka zonse zija ndikunyamula ndi kusambitsa okalamba, lero ndakhala waulesi?

Kubwalo sungathamangireko nthawi yomweyo. Umayamba wapempha ofesi yomweyo kuti iunikenso chigamulo chake, amati mandatory reconsideration, ndipo uli ndi mwezi umodzi kuchokera pa deti lolembedwa pakalata, osati tsiku limene yafika. Ine ndinachita kulemba, sindinafune za pafoni, kuti umboni utsale. Anakanabe. Anatumiza kalata yotchedwa mandatory reconsideration notice, ndipo imeneyo musaitaye, pakuti apilo imayambira pamenepo. Mwezi winanso umodzi unayamba kuwerengedwa.

Apa m'pamene ndinapita ku Citizens Advice, bungwe lopereka uphungu mwaulere, ndipo ndikanadziwa ndikanayambira komweko. Mayi amene anandithandiza anandionetsa zimene palibe anandiuzapo: kholo limene likulera mwana wosakwana zaka 13 lingaloledwe kufuna ntchito yogwirizana ndi nthawi ya sukulu, ndipo lingapatsidwe maola 48 okonzekera intavyu komanso mpaka mwezi wathunthu kuti lipeze wosamalira mwana lisanayambe ntchito. Pangano langa ndi ofesi ija lonena zimene ndizichita pofuna ntchito, lotchedwa claimant commitment, limene ndinangovomera osaliwerenga bwino, silinatchule za mwana ngakhale pang'ono. Mpaka lero zimandiwawa kuti ndinasaina mwamantha.

Tinadzaza fomu ya SSCS1 yopita ku First-tier Tribunal, bwalo loima palokha, ndipo salipiritsa. Fomuyo imafunsa ngati ukufuna kukaonekera kapena aweruze poona mapepala okha. Ndinasankha kukaonekera. Womasulira amapereka ulere ukapempha, ine sindinamufune.

Ndinadikira miyezi ingapo. Tsikulo ndinanyamula kalata ya kusukulu yoonetsa nthawi yolowera ndi yowerukira, satifiketi yobadwira ya mwana, ndi kope langa lofiira mmene ndinkalemba ntchito iliyonse imene ndafunsira, deti lake ndi yankho. Chipinda chinali chaching'ono, tebulo ndi jagi ya madzi, woweruza atavala zovala wamba. Anatsegula kope lija tsamba ndi tsamba, n'kufunsa kuti ntchito yamasana itapezeka mawa ndingatani. Ndinayankha kuti mnzanga wa kutchalitchi analonjeza kale kumakamutenga mwana akaweruka.

Ananditulutsa kwa kanthawi, kenaka anandipatsa pepala lonena kuti apilo yatheka. Ndalama za masabata anayi zija zinalowa mu akaunti patapita masabata angapo, ndipo ndinayamba n'kubweza ngongole ya lendi imene mchemwali wanga anandilipirira.