Nyimbo imene tinalibe pa tebulo lathu

Ine ndi bambo a kunyumba tinayamba ndi tebulo limodzi pamsika wina ku Leeds. Tinkagulitsa ma CD, makadi oimbira foni kumudzi ndi timabatire. Usiku ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba, masana n'kukhala pa tebulopo, iwo akuthamangathamanga kukaoda katundu. Phindu silinali lalikulu, koma lendi inkatuluka ndipo fizi ya ana a mlongo wanga inkafika ku Dedza pa nthawi yake.

Zinthu zinatembenuka mu 2008, ndipo chimene chinatitsegula maso ndi nyimbo ya gulu la Coldplay yotchedwa "Viva la Vida".

Anyamata anayiwa, amene anakumana ali pasukulu ku University College London, anali otchuka kale, koma panalibe nyimbo yawo imene inafikapo pa nambala wani pa mndandanda wa nyimbo zogulidwa kwambiri ku Britain. Mu 2005 "Speed of Sound" inathera pa nambala 2, itagonja kwa Crazy Frog, kanyimbo ka chule koyambira m'mafoni. Ndimakumbukira bwino chifukwa ma CD a ziwirizi tinkawayala moyandikana, ndipo ka chule kaja n'kamene kankatha msanga. Zinkandipweteka mtima, poti ine Coldplay ndimaikonda.

Ndiye inabwera "Viva la Vida". Inkamveka pa TV potsatsa malonda a iTunes, sitolo yogulitsa nyimbo pa intaneti, ndipo sinkamveka ngati nyimbo ya gulu la magitala. Kutsogolo kunali mavayolini, pansi ng'oma yaikulu ndi belu ngati la kutchalitchi, kenako chigawo chija chopanda mawu chimene aliyense angathe kuimba nawo ngakhale sadziwa Chingerezi. Anthu ankafika pa tebulo akuing'ung'udza. "Auntie, muli nayo?" Ndinalibe. Poyamba inkapezeka pa intaneti, kwa amene analipiriratu chimbale chonse. Tsiku lililonse ndinkabweza anthu ali ndi ndalama m'manja, ndipo wamalonda aliyense akudziwa mmene zimenezi zimawawira.

Chimbale chinatuluka pa 12 June, ndipo m'masiku atatu okha chinagulidwa makope oposa 300,000 ku Britain. Nafenso tinanyambitako, bokosi limene tinaoda linatha sabata isanathe. Mwezi womwewo nyimboyo inakwera pa nambala wani ku Britain komanso pa Billboard Hot 100, mndandanda wa nyimbo zotchuka ku America, koyamba kwa gululi m'maiko onse awiri. Ku Britain inakwera ndi anthu ogula pa intaneti. Usiku wina bambo a kunyumba anawerenga ndalama za tsikulo, n'kukhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Mayi, nyimbo yaikulu chonchi yafika pamwamba osadutsa pa tebulo la munthu. Chaka chamawa tizigulitsa chiyani?"

Sanalakwitse. Pofika January 2009 masitolo onse a Woolworths, kumene Angerezi ambiri ankagula ma CD awo, anali atatsekedwa. Ngati njovu zikugwa chonchi, ife akalulu tinalibe chodikira.

Ndalama za bokosi lija tinaphatikiza ndi za chipereganyu chathu cha amayi akutchalitchi, n'kugula masipika awiri akale, mikisa ndi maikolofoni. Ntchito yoyamba inali ukwati wa mnyamata wa ku Malawi ndi mtsikana wa ku Yorkshire, m'holo ya tchalitchi. Alendo anakhala mbali ziwiri, akwathu uku, akuchikazi uko, kumangoyang'anana mwaulemu. Perekaniperekani atatha, bambo a kunyumba anaika "Viva la Vida". Itafika pa chigawo chopanda mawu chija, agogo a mkwatibwi anaimirira, amayi athu analulutira, ndipo holo yonse inaimba pamodzi. Ine ndinali kuseri ndikukulunga mawaya, misozi ikutsika.

Mu February 2009 nyimboyo inalandira mphoto ya Grammy ya nyimbo yopambana pachaka. Ife mwezi umenewo tinabweza tebulo la kumsika.

Lero tili ndi galimoto yonyamulira zida ndi anyamata awiri otithandiza. Timayenda m'maukwati, m'zinkhoswe, pa zikondwerero za 6 July, nthawi zinanso m'maliro, kuyambira ku Manchester mpaka ku Nottingham. CD imodzi ya m'bokosi lija sindinaigulitse. Ili m'galimoto, chikuto chake chinang'aluka, ndipo timailiza pobwerera usiku zida zonse titazipakira.